CIKONDI CA M'BANJA PAMENE WINA ALI KUTALI

Nkhani yathu lero ndi ya m'nyumba. Ndifuna kuti tikambirane za cikondi ca mwamuna ndi mkazi wace, ndiponso ca kholo ndi mwana, makamaka pamene wina wa iwo ali kutali ku nchito. Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyeni tiyang'ane malo amodzi kumene abale athu ambiri alikukhala masiku ano, dzina lace Dunoon.

Dunoon ndi komboni ya mu mzinda wa Cape Town, m'dziko la South Africa. Iri ca kumpoto kwa mzindawo, m'mbali mwa mseu waukuru wa N7. Inayamba kumangidwa ulamuliro wa tsankho utangotha mu 1994, ndipo pa kalembera wa mu 2011 anapezamo anthu pafupifupi 30,000. Kuseri kwa nyumba za njerwa kuli timisasa ta malata, ndipo ndi m'menemo m'mene alendo ambiri acita lendi. M'mamawa amuna ndi akazi aturuka kunka ku mafakitale a ku Killarney Gardens ndi Montague Gardens, ena kukasamala maluwa, kucapa ndi kulera ana m'nyumba za ku Table View ndi Parklands. Munthu wocokera ku Blantyre ayenda makilomita opitirira 3,000 kuti afike kumeneko, kudzera ku Tete, Harare, Beitbridge ndi Johannesburg.

Ulendo wotere si wacilendo kwa ife. Agogo athu ankapita ku Joni ndi Wenela, ena ku migodi ya malasha ya ku Hwange, ena ku migodi ya kopa ya ku Zambia, ena ku mapurazi a fodya. Kale mu 1935 boma la Nyasaland linaika komiti yofufuza za anthu onka kunja, ndipo komitiyo inadandaula za mabanja amene analikupasuka ku midzi. Mau akuti machona tonse tiwadziwa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha amuna a ku Malawi 74 amene analikubwerera kwao, ndipo boma linaletsa kulemba anthu a ku migodi. Kulembako kunayambanso mu 1977 nkutheratu mu 1988, koma anthu sanaleke kuyenda. Anangoyamba kudziyendera okha.

Tsono pali kusiyana kumodzi kumene tiyenera kukuganizira bwino. Munthu wa Wenela anali ndi pangano la miyezi yowerengeka, ndipo gawo lina la malipiro ace ankakalilandirira kwao. Ngakhale mtima wace ukadafuna kuchona, ndalamazo zinkamkokera ku mudzi. Munthu wa ku Dunoon alibe pangano lotero. Palibe kalaliki amene adzamuuza kuti nthawi yakwana, palibenso ndege imene imdikira. Cingwe cimene catsala com'manga ku banja lace ndico cikondi cokha. Cikaduka cimeneco, palibe cina.

Ena adzati, kodi ndalama zimene titumiza mwezi ndi mwezi si cikondi? Indedi ziri mbali ya cikondi, ndipo munthu amene ali nazo koma satumiza kanthu kwao asatinamize kuti akonda banja lace. Ndalama za pa Mukuru zamanga nyumba za malata, zagula feteleza, zaphunzitsa ana. Koma ndalama zitha kuleka tsiku limodzi, ndipo abale athu aona zimenezi kawiri. Mu May 2008 zipolowe zothamangitsa alendo zinayamba ku Alexandra, mu Johannesburg, nizifika ku Dunoon m'mwezi womwewo. Anthu 62 anaphedwa m'dziko lonselo, ndipo ambiri anabwerera kwao pa mabasi, atangonyamula kathumba. Mu March 2020, cifukwa ca mliri wa Covid-19, boma la South Africa linalamula kuti anthu akhale m'nyumba, ndipo ambiri ogwira nchito za m'nyumba ndi maganyu anakhala miyezi osalandira kanthu. Pa nthawi ziwiri zimenezi mabanja anayesedwa. Wina anafika pa khomo ali cimanjamanja, mkazi wace nathamanga kukamlandira ndi kumteleka madzi osamba. Wina anafika pa khomo la njerwa limene anamanga yekha, napeza kuti alimo mlendo. Cimene cinasiyanitsa awiriwa si kucuruka kwa ndalama zimene anatumiza kale, koma umo anasungirana mitima m'zaka za kusiyana.

Alipo ena amene anena kuti cikondi ca m'banja cinadza ndi Azungu, ndi kuti makolo athu ankangokwatirana kuti abale ana ndi kulima munda. Mau amenewa si oona. Makolo athu sankagwirana manja pa mseu, koma anali nazo njira zao. Mwamuna ankaitana mkazi wace ndi mfunda wace mwaulemu, kuti aNaphiri kapena aNabanda. Pocoka ku ulendo sankalowa m'nyumba wopanda nsaru kapena mikanda. Mkazi naye ankadziwa ndiwo zimene mwamuna wace azikonda, namsungira ngakhale acedwe kubwera. Cikondi cao cinali ca m'zocita zazing'ono za tsiku ndi tsiku, ndipo bvuto la munthu wa kutali ndi lakuti zazing'ono zomwezo ndizo zimene ulendo umlanda.

Nanga tsono acite ciani? Agogo athu ankadikira kalata miyezi, ndipo ikafika ankapita nayo kwa mphunzitsi kuti awawerengere. Ife tiri ndi lamya m'thumba, ndipo pa WhatsApp munthu amva mau a mnzace nthawi yomweyo. Koma tamverani zimene tilankhula pa lamyapo. Kawirikawiri ndi izi: "Kodi mwalandira? Mwagula ciani? Zatha bwanji msanga cotere?" Kumeneku ndi kulankhula kwa kapitao ndi munthu wace wa nchito. Inu abambo a ku Dunoon, yambani mwafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, amace mwana? Msana uja wakhala bwanji?" Ndipo nenani zoona za moyo wanu. Ambiri atumiza cithunzi ataima pa gombe la Blouberg, phiri la Table Mountain liri kumbuyo, atabvala zokongola. Koma sanena kuti mu June ndi July, pamene kwathu kuli kouma, kumeneko kugwa mvula yozizira imene ilowa m'kamsasa, kapena kuti mlungu wathawu sanapeze ganyu. Mkazi akaona cithunzico ayesa kuti mulikumbisira cuma, ndipo kukaikirana kuyambira pomwepo. Kuululirana mabvuto ndiko kumpatsa mnzako malo ace m'moyo wako.

Tsopano tinene za ana. Ndisanayambe nchito ino ndinali mphunzitsi, ndipo sindiiwala kamtsikana kena ka mu Sitandade 5. Kanali ndi nsapato zabwino ndi cikwama coposa ca anzace, pakuti amace analikugwira nchito ku Cape Town. Tsiku lina ndinauza ana kuti alembe kalata kwa kholo lao. Onse anawerama kulemba, koma iko kanangogwira pensulo. Nditafunsa, kanayankha motsitsa mau kuti, "Aphunzitsi, sindidziwa cowauza. Sindiwadziwa bwino." Amai amenewo sanali oipa, analikudzimana cakudya kuti mwana abvale. Koma akaimba lamya ankalankhula ndi agogo okha za ndalama, ndipo mwana ankangomva kuti amako akupatsa moni.

Akuru anati mako ndi mako angacepe mwendo, ndipo ncoona. Komabe mwana sadziwa kholo lace ndi magazi okha. Alidziwa ndi mau, ndi kuseka, ngakhale ndi kudzudzula. Cifukwa cace inu makolo a kutali, pemphani kuti mwana apatsidwe lamya, mulankhule naye yekha. Dziwani kalasi lace, dzina la bwenzi lace, ndi phunziro limene limbvuta. Musamlonjeze kuti mudzabwera pa Khirisimasi ngati simunatsimikize, pakuti mwana awerenga masiku, ndipo lonjezo losakwaniritsidwa limpweteka kuposa kusowa nsapato. Ndiponso musaiwale kuyamika agogo kapena azakhali amene alikukulererani. Nchito yao njolemera, ndipo nao afuna mau abwino.

Mbali yotsiriza ya nkhani yathu ndi ya makhalidwe a akazi, ndipo pano ndipempha abambo kuti amvetsere modekha. Mwamuna akacoka, mkazi wotsala pa mudzi ayang'aniridwa ndi maso ambiri. Akacedwa ku msika, akabvala nsaru yatsopano, akaseka ndi munthu pa cigayo, mbiri yafika kale ku Dunoon dzuwa lisanalowe. Koma mwamuna uja akatenga mkazi wina kumeneko, anthu angoti mwamuna ndi kabudula, athera moyenda. Mkazi amene alimba mtima kunka yekha ku Cape Town kukagwira nchito anenedwanso zonyoza, ndi anthu omwewo amene alikudya ndalama zace. Muyeso uwu suli wolungama, ndipo si wa makolo athu. Kumbukirani mwambo wa mdulo: mwana akabadwa, atate ndi amai onse awiri ankayenera kudzisunga, ndipo anthu ankakhulupirira kuti cigololo ca atate cikhoza kudwalitsa khandalo. Kaya munthu abvomereza cikhulupiriro cimeneco kaya iai, phunziro lace nloonekeratu, kuti kukhulupirika kunali katundu wa anthu awiri.

Khalidwe labwino la mkazi silimera pa mantha. Mkazi wosungidwa ndi azondi adzakhala bwino kufikira tsiku limene mzondi wagona tulo. Koma mkazi amene adziwa kuti mwamuna wace amkumbukira, amfunsa nzeru pa za ndalama, ndi kumteteza pamene alamu amnenera zabodza, ameneyo ali naco cifukwa ca mumtima codikirira. Cimodzimodzinso mwamuna. Ndipo inu amai, cikondi comweco cifuna kuti munene zoona za ndalama zimene mwalandira, ndi kuti musaipitse dzina la atate pamaso pa ana ao.

Ndinenenso mau amodzi kwa anankungwi ndi ankhoswe. Mumalangiza ana athu akazi kuti banja ndi kupirira, ndipo pali zambiri zoyenera kupirira: umphawi, matenda, ndi zaka za kusungulumwa. Koma kumenyedwa ndi kutayidwa siziri m'gulu limeneli. Ku Malawi lamulo la mu 2006 liletsa nkhanza za m'banja, ndipo la mu 2010 liika udindo wa kusamala mwana pa makolo onse awiri. Mkazi amene wakhala zaka zambiri wopanda mau kapena thandizo sacimwa akapita kwa ankhoswe kukafunsa kuti banja lace liri pati. Ndipo popeza ankhoswe ali kutali ndi Dunoon, akuru a mipingo ndi a magulu a anthu a kwathu kumeneko, amene asonkhetsa ndalama mokhulupirika kuti atumize maliro ku mudzi, acitenso cangu comweco pa mabanja a anthu amoyo. Mnzanu akayamba kuiwala kwao, mkhazikeni pansi msanga, zinthu zisanaonongeke.

Abale anga, ambiri a ife sitingathe kuletsa ulendo, pakuti njala ndi kusowa nchito ndizo ziutuma. Cimene tingathe ndico kusunga mnzathu mumtima ndi kumdziwitsa kuti tamsunga. Ngati muli naye wina kutali, kapena ndinu amene muli kutaliko, muimbireni mlungu uno, ndipo za ndalama muzinene pomarizira.