Kukonzanso Mizere ya Pakati pa Matailosi

Munthu woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Lizulu kudzera pa Biriwiri mpaka pa boma la Ntcheu amaona nyumba zambiri za malata zimene m'kati mwake, makamaka kubafa ndi kukhitchini, eni ake anaikamo matailosi. Ena ndi alimi a mbatatesi ndi kabichi a ku Tsangano, ena ndalama zake anakazipeza ku Johannesburg. Onsewa anagwiritsa ntchito thukuta lawo. Komatu chimene chimasunga chuma chimenechi ndi kanthu kakang'ono kamene ambiri sakalabadira: kamzere ka simenti kokhala pakati pa tailosi ndi linzake, kamene amisiri amakatcha grout.

Ntchito ya kamzereka ndi kutseka mpata kuti madzi ndi litsiro zisalowe pansi. Pakapita zaka kamada, kamang'aluka, kenaka kamayamba kuyoyoka ngati mchenga. Apo madzi osamba amapeza njira, nalowa kunsi kwa matailosi. Chinyontho chikakhazikika, khoma limachita nkhungu, nyerere ndi mphemvu zimapeza pobisala, ndipo tsiku lina tailosi limatukuka kapena kusweka. Kugula lina lofanana nalo pambuyo pa zaka zambiri ndi chinthu chovuta kwambiri.

Cholakwa chimene anthu ambiri amachita ndi kumata simenti yatsopano pamwamba pa yakale. Yatsopanoyo imakhala yopyapyala, siigwira, ndipo imakanganuka pasanathe miyezi. Yakale iyenera kuchoka kaye.

Mwini nyumba ayambe ndi kugogoda tailosi lililonse ndi chigwiriro cha mpeni. Limene likulira ngati ng'oma ndiye kuti kunsi kwake kuli mphako. Limenelo lifunika kumatidwanso ntchito ina isanayambe. Akatero atenge chidutswa cha sowo yodulira zitsulo, akulunge nsanza mbali yogwira, ndi kuyamba kupala mumzere pang'onopang'ono. Nyundo ndi msomali zisayandikire, pakuti m'mphepete mwa tailosi simuchedwa kubenthuka. Apale mozama mamilimita osachepera 3, kapena magawo awiri mwa atatu a kuchindikala kwa tailosilo. Fumbi la simenti ndi loipa m'mapapo ndi m'maso, choncho atsegule mazenera, aphimbe mphuno ndi pakamwa, ndipo ana asewere kutali. Akamaliza asese ndi mswachi wakale, napukute ndi nsanza yonyowa.

Posakaniza, madzi ayambe kulowa m'chidebe, ufa ubwere pambuyo pang'onopang'ono, kufikira zitalimba ngati phala lokhuthala losayenderera. Madzi ochuluka ndiwo amafooketsa simenti, chifukwa akauma amasiya timabowo. Adikire mphindi 5 kapena 10, atakasenso, ndipo asakanize zochepa zoti zithe msanga. Zikayamba kuuma m'chidebe asathiremo madzi ena, azitaye.

Pomata, chidutswa cha patapata wakale chimagwira ntchito bwino, popeza mphira sakanda tailosi. Akanikize mwamphamvu modutsa mizere chopingasa kuti mpata wonse udzaze. Patapita mphindi 15 mpaka 30, apukute ndi siponji yofinyidwa bwino, mopepuka, kuti asakokolole zimene wamata. Kafumbi koyera kotsala pamwamba adzakachotsa ndi nsalu youma. Pa ngodya pamene khoma likumana ndi pansi, simenti imang'aluka kawirikawiri; pamenepo ndi bwino kuikapo silicone, amene amatamuka.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Simenti imalimba pogwirizana ndi madzi, ndipo mphamvu yake imakwanira patatha masiku 28. Ku chigwa cha Bwanje ndi ku Sharpevale, kumene mwezi wa October kumatentha koopsa, imauma isanalimbe. Kumeneko agwire ntchito m'mamawa, ndipo tsiku lotsatira awazepo timadzi pang'ono. Ku mapiri a Tsangano, m'miyezi yozizira ya June ndi July, imachedwa kugwira, ndipo imafuna kuidikira. Kulikonse kumene ali, tsiku loyamba asapondepo, ndipo bafa lisagwiritsidwe ntchito kwa masiku awiri kapena atatu. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalephera, chifukwa wina amafuna kusamba madzulo omwewo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Banja likonzeretu posambira pena ntchito isanayambe.

Pomaliza, mizere yatsopano isatsukidwe ndi viniga kapena mankhwala ena a asidi, pakuti amadya simenti. Sopo ndi madzi n'zokwanira. Mwini nyumba amene amayang'ana mizere yake chaka ndi chaka, mvula isanayambe, amagula kapaketi kamodzi ka ufa. Amene amanyalanyaza adzagula matailosi, simenti ndi mchenga, nalipiranso mmisiri kachiwiri.