Mwana Akadwala Chimfine Pakhomo



Chiperoni chikaphimba phiri la Mulanje m'mwezi wa June, ana athu amayamba kutsokomola ndi kuchucha mamina. Chimfine chotere chimadza ndi kachirombo kotchedwa vairasi, ndipo Bactrim wa kugolosale sakapha konse, mungotaya ndalama. Mwanayo muyamwitseni kaŵirikaŵiri, mpatseni phala ndi madzi, mfunditseni, koma asagone pa utsi wa kukhitchini. Aspirin musampatse ai.

Tsono imvani ichi. Akakhala phee, mvuleni malaya, muŵerenge mapumidwe ake kwa mphindi imodzi. Wa miyezi 2 kufikira 11 akapuma ka 50, wa chaka chimodzi kufikira 5 akapuma ka 40, nthiti zikamaloŵa m'kati, kapena akakana bere, chingakhale chibayo. Thamangirani kuchipatala ngakhale ndi usiku. Musayembekeze kuti bambo abwere.

Ife timakonda kuzonda odwala, ndipo nkwabwino. Koma ine ndinakazonda mwana wachimfine ndili ndi khanda kumbuyo. Sabata isanathe tinagonekedwa m'chipatala. Khanda lisiyeni kwa agogo, ndipo mukabwerako sambani m'manja ndi sopo musanalinyamule.