Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsanzikana ndi Ophunzira a Fomu 4 kwa Changata

 

Aphunzitsi aakulu atandiimbira foni anati, "Bambo, mubwere mudzatithandize. Anyamata kuno aliyense ukamufunsa za mawa, akuti akufuna ukomando." Ndinaseka, chifukwa ndikudziwa komwe amautenga. Amautenga m'nyumba za vidiyo pamsika, momwe Rambo amalankhula Chichewa n'kutha gulu lonse la adani yekhayekha, zipolopolo osamuthera. Ine ndavala yunifomu mpaka kupuma, ndipo munthu wotero sindinakumane nayepo.

Ndinakulira konkuno. Mayi anga, Mulungu awuse mzimu wawo, ankathyola tiyi. Ankadzuka nkhuku zisanatsike, kumanga chipulasitiki m'chiuno kuopa mame, dengu kumsana, manja onse awiri ali pantchito: masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka kukaima pamzere wa sikelo kudikira kapitawo. Tsiku loyamba kusenza chikwama cha usilikali ku Salima, malamba akundidula mapewa, anzanga a m'tauni akulira, ine ndinangokumbuka dengu lija n'kuchita manyazi kudandaula. Choncho mwana wa ku Thyolo asadziderere. Mapiri mwakwera kuyambira muli ku pulayimale ndi maphunziro amene ena amakayamba atakula.

Komatu usilikali si chinthu chimodzi. Lamulo la 2023 linagawa gulu lathu lankhondo m'nthambi zinayi: a pamtunda, a pamadzi, a mumlengalenga, ndi a National Service. Khomo lodziwika ndi sukulu ya MAFCO ku Salima, komwe amakumeta mpala n'kukuphunzitsa kuti dzina lako si kanthu. Ukatuluka kumeneko njira zimapatukana, ndipo nthambi iliyonse ili ndi ntchito zake zapadera zomwe salowa aliyense. Zimene ndinaona ine n'zakuti nthambi iliyonse ili ndi mantha akeake. Funso si lakuti ndani wolimba mtima kuposa mnzake. Funso n'lakuti mantha amene iwe ungagone nawo n'kudzuka nawo ndi ati.

Ndiyambe ndi kwathu, kwa odumpha mundege, ku Parachute Battalion ya ku Senga Bay. Musanaone n'komwe khomo la ndege, mumatha masabata mukudumpha pa chithandala, kuphunzira kugwa. Inde, kugwa amachita kuphunzira: mapazi pamodzi, mawondo pamodzi, chibwano pachifuwa, ukafika pansi n'kugubuduka chammbali. Ukatambasula miyendo, fupa limathyoka ngati phesi la chimanga. Tsiku langa loyamba, ndege itakwera, anatsegula chitseko, mphepo n'kulowa ndi phokoso loti sungamve mnzako. Ndinasuzumira pansi, nyanja ikuoneka ngati beseni la madzi, ng'ombe ngati nyerere. Mawondo anga ankaombana. Wotidumphitsa anandimenya paphewa, ndipo sindikumbuka kuti ndinaganiza zodumpha. Ndinangopezeka ndili panja, chingwe chakoka, ambulera yatseguka pamwamba panga. Bata lake! Ndinayamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi, mpaka nthaka inandikumbutsa kuti ndisunge mawondo.

Koma kudumphako ndi ulendo chabe, ngati kukwera minibasi ya ku Limbe. Ntchito imayamba ukatera: uli kutali ndi anzako, galimoto kulibe, chakudya ndi madzi ndi zomwe zili kumsana, ndipo uyende usiku wonse osatsokomola. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma ife tinkautha ndi mapazi. Ndipo ndinene zoona pamaso pa makolo: mawondo anga lero amalosera mvula kuposa a zanyengo.

A pamadzi ali ku Monkey Bay, ku Mangochi. Ife a kumapiri timaiona nyanja ngati malo okajambulitsa pa Khirisimasi. Funsani msodzi za mwera wa mwezi wa June ndi July, akuuzani kuti nyanja ija imasanduka chilombo. Kumpoto kwake kuya kumafika mamita 700. Msilikali wa pamadzi amalondera malire m'boti usiku, ndipo ena mwa iwo amaphunzira kumira ndi mabotolo a mpweya kumsana, kukafufuza pansi pomwe maso saona, manja okha ndiwo amapapasa. Nthawi zambiri chimene akufufuza ndi thupi la mwana wa munthu. Ine wodumpha mundege, ntchito imeneyo sindikanaitha. Ndipo musaganize kuti ali kutali nanu. Madzi atasefukira mu January 2015, kumunsi kwathu kuno ku Makhanga kutasanduka chilumba, komanso namondwe Freddy atatigwetsera mapiri mu March 2023, anthu amene anakakamira m'mitengo ndi pamadenga anakawatsitsa ndi asilikali a maboti, ena n'kunyamulidwa pa helikopita.

A mumlengalenga, ku Zomba ndi ku Lilongwe, ndiye ena. Kumeneko minofu siithandiza kwenikweni. Amafuna masamu, Physics, Chingerezi ndi maso akuthwa. Mantha awo ndi a munthu amene wanyamula miyoyo ya ena m'manja. Wokonza injini akaiwala kumanga nati imodzi, palibe poimika ndege kuti aikonze. Tonse tikukumbuka 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali ya Dornier inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kutenga Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Atatu mwa iwo anali asilikali oyendetsa ndegeyo. Pamenepo ndisapitirire.

Maiko ena nawo amasiyanitsa chomwechi. Ku Britain gulu la SAS, lomwe linayamba mu 1941, limayesa anthu powayendetsa m'mapiri a ku Wales ndi katundu kumsana. Ku America a Navy SEALs amawazunza ndi madzi ozizira ndi kusagona. Konseko ambiri amalephera, ndipo olepherawo kawirikawiri si ofooka thupi. Ndi amene anabwera kudzafuna dzina.

Tsono mukandifunsa kuti mwana wanga ndingamulangize kuti, ndiyankha mosabisa, ngakhale anzanga a ku Senga Bay akamva andidandaula. Ngati masamu amakukonda, pita kwa a ndege kapena a pamadzi, kapenanso kwa mainjiniya a asilikali omanga milatho ndi misewu. Usilikali umatha munthu ukadali ndi mphamvu. Mnzanga amene ankakonza injini za maboti, lero ali ndi galaja yake ndipo akulemba anthu ntchito. Ine nditapuma ndinazindikira kuti palibe kampani imene imafuna munthu wodziwa kudumpha mundege. Ambiri a ife tinathera pa geti, kulondera katundu wa eni ake. Sindikunyoza ulonda, unaphunzitsa ana anga. Ndikungoti walira mvula walira matope. Koma ngati mtima wako uli pa kudumpha basi, pita, ukadumphe bwino, ndipo uli komweko uziphunzira luso lina la manja.

Za kulimba mtima, musazifune pa mtundu wa chipewa. Mu November 2018, kufupi ndi Beni m'dziko la Congo, asilikali athu osungitsa mtendere pansi pa United Nations anamenyana ndi zigawenga za ADF, ndipo tinataya anyamata asanu ndi mmodzi. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala, zipolopolo zikugwa ngati matalala. Anabwerera, n'kumukokera pobisika, ndipo akumupatsa chithandizo iye mwini anaomberedwa. Mtanzaniayo anapulumuka. Mu May 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations António Guterres anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe ndi ulemu waukulu koposa kwa wosungitsa mtendere. Private, ana anga, ndi udindo wapansi penipeni. Analibe nyota ngakhale imodzi paphewa.

Njira imeneyi makolo athu anaiyenda kale. Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, chaka chomwe a Adventist anayamba mishoni ya Malamulo apa, ndipo dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu linachokera ku malire a Kenya ndi Ethiopia komwe agogo athu anakamenya nkhondo mu 1940. Chatsopano n'chakuti lero atsikana nawonso amalowa, ndipo ndawaona ena akusiya anyamata m'mbuyo pothamanga. Asungwana muli apa, nkhaniyi ndi yanunso.

Makolo anzanga, imvani ichi. Mwana wa mlongo wanga anagulitsa mbuzi zitatu n'kupereka ndalama kwa munthu wina wovala jekete, amene anati ali ndi abwana ake kumtunda ndipo dzina lituluka pa olembedwa usilikali. Mpaka lero foni ya munthuyo siikupezeka. Usilikali sagula. Akafuna kulemba anthu amalengeza poyera, pa wailesi ndi m'nyuzipepala, ndipo amayesa thupi, magazi ndi mapepala. Wina akakuuzani za ndalama, kauzeni a mfumu ndi apolisi tsiku lomwelo.

Ndipo inu a Fomu 4, pepala loyamba limene adzakufunsani pa geti ndi satifiketi ya MSCE, osati kukula kwa chifuwa. Mayeso ali pafupi. Siyani kachasu ndi chamba, chifukwa dokotala wa asilikali sanamizika. Amene akufunadi, andipeze pansi pa mtengo uwo mwambo ukatha, ndili ndi nthawi mpaka dzuwa litapendeka. Mubwere ndi mafunso, ndiponso mundiuze magiredi anu a masamu osawonjezera.