KAMBA WA PA ULENDO WA KU VENICE

Nkhani ya lero iri ya amisiri a zaluso, ndi ya ndarama zimene zifunika kuti nchito yao ikaoneke ku maiko a kutali.

Mlimi wa ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa, akafuna kukagulitsa mbuzi zace ku Lusaka, ayamba wakhala pansi naŵerengera za galimoto, za malo pa msika ndi za kamba wa pa njira. Mbuzi zinganenepe cotani, popanda ndarama zimenezi zidzagonabe m'khola. Ndi momwemonso kwa msiri.

Bwalo lomveka koposa la amisiri liri ku Venice, mzinda wa m'dziko la Italy womangidwa pa madzi, kumene katundu ayenda pa maboti. Cionetsero ca kumeneko cinayamba m'caka ca 1895, ndipo cicitika kamodzi pa zaka ziŵiri. Makomo oloŵera alipo aŵiri. Loyamba ndi lakuti mkuru wa cionetsero aitana msiri pa dzina. Laciŵiri ndi lakuti dziko litsegula nyumba yaceyace, nilisankha lokha ana ace oti alilankhulire.

Mai Anawana Haloba, wobadwira ku Livingstone m'caka ca 1978, anaphunzira pa Evelyn Hone College ku Lusaka, napitiriza maphunziro ku Oslo m'dziko la Norway. M'caka ca 2009 analoŵera pa khomo loyamba lija. Iwo sanapacike cithunzi pa khoma ai. Luso lao ndilo la kuyala zinthu pa malo, kuti munthu afike pafupi, azungulire, nalingalire yekha. Anamanga thebulo la malonda longa la pa msika, nalicha The Greater G8 Advertising Market Stand. Masiku amenewo G8 linali bungwe la maiko 8 amphamvu, amene anali kupangana za cuma ca dziko lonse lapansi. Mai Haloba anapereka dzinalo kwa maiko osauka, ngati kufunsa kuti, kodi wolamula pa msika ndani, wolima kapena wogula?

Bambo Samson Kambalu a ku Malawi analoŵera pa khomo lomwelo m'caka ca 2015, ataitanidwa ndi Bambo Okwui Enwezor a ku Nigeria. Ndiwonso anapanga cifanizo ca Mbusa John Chilembwe cimene cinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London m'caka ca 2022. Chilembwe anaima pamenepo atavala cipewa, cinthu cimene munthu wakuda sanaloledwe kucita pamaso pa mzungu m'masiku a atsamunda. Koma omvera azindikire ici: malo amenewo aŵayang'anira ndi ofesi ya meya wa London, ndipo ofesi yomweyo inaperekako ndarama za cifanizoco.

Khomo laciŵiri ndilo lolemetsa. Mwa maiko onse a mu Africa, Egypt yekha ndiye ali ndi nyumba yokhazikika m'munda wa cionetsero wochedwa Giardini. Ena ayenera kupeza malo a lendi mu mzinda, kulipira zonyamulira katundu, inshuwaransi, amisiri okhoma ndi alonda, kwa miyezi 6 kapena kuposapo. Kufikira pa cionetsero ca 2024, Zambia ndi Malawi anali asanatsegulepo nyumba yao.

Dziko likalephera kudzilipirira, cicitika nciani? Za ku Kenya zipereka phunziro. M'zaka za 2013 ndi 2015 ku Venice kunali nyumba ya dzina la Kenya, koma oiyendetsa anali a ku Italy, ndipo ambiri oonetsamo anali a ku China. Amisiri a ku Kenya anadandaula kolimba, kotero kuti m'caka ca 2015 boma lao linaikana nyumbayo. Mwini thumba ndiye asankha woimba nyimbo. Ndipo luso lodzudzula amphamvu ndilo livutika koposa, pakuti nkwapatali kudzudzula munthu uli ndi nsima yace m'kamwa.

Komatu njira iripo. Zimbabwe anatsegula nyumba yace m'caka ca 2011 motsogozedwa ndi National Gallery ya ku Harare, nabwererako pa zionetsero zotsatira. Angola anafika koyamba m'caka ca 2013, natenga mphoto yaikuru ya Golden Lion cifukwa ca zithunzi za mzinda wa Luanda zojambula Bambo Edson Chagas. Norway ali ndi bungwe lochedwa Office for Contemporary Art, limene lipatsa ndarama amisiri okhala m'dzikomo akaitanidwa kunja. Mu Zambia momwe muno, bungwe la Lechwe Trust linayamba m'caka ca 1986, Mai Cynthia Zukas ndi Bambo Henry Tayali ali mwa oliyambitsa, ndipo lagula nchito zambiri za amisiri a kuno kuti zisathere m'manja a alendo.

Anthu a ku migodi ndi a m'makomboni safuna kuphunzitsidwa kusonkha. Cilimba acidziŵa, ndipo pa maliro mbale iyenda khomo ndi khomo mpaka bokosi ligulidwa. Nzeru yomweyo ingathe kutumiza msiri ku Venice: boma kudzera ku National Arts Council, makampani a migodi, eni masitoro, ndi munthu wamba wogula cithunzi ca pa Henry Tayali Gallery ku Lusaka, yense kuponyapo pang'ono. Opereka akacuruka, palibe mmodzi angatseke msiri pakamwa. Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Ndipo denga losenza ambiri liribe woliumiriza kolowera.