Mulibe Chimkuzamawu M'chipinda Muno

 

Masana ano muno ku Molumbo mulibe jenereta, mulibe chimkuzamawu. Oyimba ndi owerengeka ndipo akhala pafupi nafe, moti tiona chala chikugwira nsambo ya bangwe, tiona mkulu wa kaligo akupaka utomoni pa uta wake asanayambe. Zimenezi pa dansi ya usiku simungazione. Bangwe ndi kaligo n'zoyimbira za mawu apansipansi, zimafuna anthu atchere khutu. Ku Ulaya nyimbo zotere amazilemekeza kwambiri: Joseph Haydn, amene anamwalira mu 1809, ankapeka nyimbo za anthu anayi okha, zoyimbira m'chipinda popanda wowatsogolera. Ifenso zathu zilipo kuyambira kale, pakhonde, ntchito ya kumunda itatha.

Ambiri muno munathawira ku Mulanje nthawi ya nkhondo, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Munabwerako ndi nyimbo za Allan Namoko, wakhungu wa ku Thyolo uja, amene banjo yake inkalira m'Chilomwe ndi m'Chichewa, zinenero zomwe timagulitsirana nandolo pamsika pano. Munabwerakonso ndi gitala ya Daniel Kachamba m'makutu. Malire a Muloza sanaletsepo nyimbo kuwoloka.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Mu 2005 UNESCO inalemekeza timbila ya Achopi ndi Gule Wamkulu, ndipo tinanyadira. Koma bangwe alibe womulankhulira. Amene amadziwa kumanga nsambo zake ndi kuzichuna tsitsi layera, ndipo mmodzi akatisiya amapita nazo zonse kumanda. Mutu umodzi susenza denga: agogowa sangasunge luso limeneli okha.

Molumbo anakhala boma palokha mu 2013, atachoka pansi pa Milange. Tapempha misewu, tapempha zipatala, ndipo n'koyenera. Lero ndikupempha chinthu chosafuna ndalama. Aphunzitsi, tsegulani kalasi imodzi Loweruka masana. Mafumu, mukuwadziwa oyimba a m'midzi mwanu. Atumizeni kuti ana aphunzire m'manja mwawo. Ine ndidzagula waya wa nsambo zoyamba.

Tsopano tizimitse mafoni. Agogo a bangwe, bwalo ndi lanu.