Nkhokwe ya Mabuku Ikatsekedwa, Amalipira Ndani?



M'chaka cha 1919 ku Zomba kudachitika zinthu ziwiri. Moto udapsereza likulu la maofesi a boma la atsamunda, ndipo makalata ochuluka amene adasonkhanitsidwa chiyambire 1891 adasanduka phulusa. M'chaka chomwecho, mumzinda womwewo, adasindikiza buku la wansembe Yohanna Abdallah lotchedwa Chiikala cha Wayao. Zimene adalemba Abdallah zikuwerengedwabe. Zimene zidapsa zidapita, ndipo zidali za zaka zimene dziko la Machinga lidagwedezeka, monga 1895 pamene asilikali a atsamunda adalanda linga la Mfumu Kawinga paphiri la Chikala.

Moto wotere umamveka. Ngakhale umene udanyeketsa laibulale ya yunivesite ya Mzuzu mu Disembala 2015 udaliritsa dziko lonse. Koma nkhokwe zambiri sizifa ndi moto. Zimafa mwakachetechete: woyang'anira akapuma pantchito salowedwa m'malo, denga likadontha silikonzedwa, pakhomo amaikapo loko, ndipo chiswe chimatsiriza ntchitoyo. Wowerengera ndalama amaona ngati wapulumutsa kangachepe. Zoona zake n'zakuti ngongoleyo waisenzetsa anthu ena, amene maina awo sadzaoneka m'kaundula wake.

Ngongoleyo imaonekera pabwalo la milandu. Ufumu wa Chiyao umatsata kuchikazi, ndipo mfumu ikagona, mbumba ziwiri zikhoza kuimirira, iliyonse ndi mbiri yakeyake. Akuluakulu amene adaona kulongedwa kwa mfumu yakale adatha. Kalata imene ikadathetsa mkangano m'mawa umodzi ili m'chipinda chotsekedwa, kapena idanyowa kalekale. Mlandu umachoka kwa gulupu kupita kwa mfumu yaikulu, kuchoka uko kupita kuboma, mpaka kukhoti lalikulu ku Zomba. Mbuzi zimagulitsidwa, matumba a mpunga wa kuchigwa cha Chilwa amathera pa minibasi ndi maloya, munda wolimbiranawo umagonera, ndipo ana a mimba imodzi amaleka kuyenderana ngakhale pamaliro. Chotsirizachi palibe amene angachiikire mtengo.

Dera lino lili ndi vuto lakelake. Machinga ankatchedwa Kasupe, ndipo Balaka adapatulidwa kukhala boma palokha mu 1998. Choncho makalata a mudzi umodzi akhoza kukhala ndi zidindo za maina atatu, ndipo amene amadziwa kolowera ndi munthu wosunga zakale yekha. Lamulo la malo a makolo la 2016 likufuna kuti minda ilembetsedwe. Pamene umboni wolembedwa wasowa, amapambana ndi wa mawu okwera, osati mayi wamasiye amene agogo ake adagwetsa tchire.

Nyumba yosungira zakale za dziko lino idakhazikitsidwa ku Zomba mu 1947, ulendo waufupi kuchokera ku Liwonde. M'zaka zomwezo J. Clyde Mitchell ankayenda m'midzi ya Ayao kulemba mibadwo ya mbumba, ndipo buku lake, The Yao Village, lidatuluka mu 1956. Chodandaulitsa n'chakuti wophunzira wa ku London amalipeza mosavuta kuposa mdzukulu wa anthu amene adafunsidwawo, wa kwa Nyambi kapena kwa Kalembo.

Mwanayo ndiye amalipira kotsiriza. William Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, adapeza buku mukalaibulale ka ku Wimbe ku Kasungu, napanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Chitseko chija chikadakhala chotseka, palibe amene akadadziwa kuti dziko lataya kanthu.

Ndipo si zonse zili ku Zomba. Makope a anyakwawa, mabuku a ubatizo m'matchalitchi, zolemba za m'mizikiti ndi makalata a amene adapita ku Joni zili m'masutikesi kunsi kwa mabedi, m'nyumba zimene mvula ya namondwe Freddy idalowamo mu Marichi 2023.