MUSANAKUMBE PA POLOTI PANU
Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale



Pamene a Mlembi anandipempha kuti ndidzayankhulepo lero, ndikhulupirira ankayembekeza kuti ndikamba za ntchito ya m'boma, popeza ndakhalamo zaka zoposa 20. Mundikhululukire a Mlembi, ine ndasankha nkhani ya khasu ndi piki. Si yachilendo pakati pathu, pakuti aliyense amene anadutsa pa sukulu yathu ija amadziwa kukumba. Wothawa ku prep ankapatsidwa chibalo chozula chitsa kapena chokumba dzenje lofanana ndi msinkhu wake, ndipo ife atalife tinkaona ngati lamulolo analipangira ifeyo. Koma m'zaka zinayi zonse zija palibe tsiku limene tinafunsapo kuti pansi pamene tikukumbapo pali chiyani. Panalibenso chifukwa chofunsira. Tinkakumba kutchire, kumene kunali mizu ndi miyala basi.

Lero ambiri a ife tili m'tauni, ena m'nyumba za lendi, ena m'nyumba zogula kwa anthu ena, ndipo nthaka ya m'tauni ili ndi zake m'mimba.

Mukukumbukira kuti mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130. Chaka chimenecho magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo ine ndinali mmodzi mwa odandaula kwambiri. M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho ndinaganiza zomanga khola la nkhuku za mazira kuseri kwa nyumba imene ndinagula ku Lilongwe, pakati pa nyumba yaikulu ndi kanyumba kaja timati boys' quarter. Chifukwa chake inu anzanga a m'boma mukuchidziwa: malipiro amatha mwezi usanathe. Ndinapeza mnyamata waganyu kuti akumbe maziko. Nthaka inali youma gwa, choncho madzulo ake tinathirapo madzi kuti ifewe.

Loweruka m'mawa, magetsi atazima monga mwa masiku onse, mnyamatayo anayamba ntchito. Posakhalitsa ndinamva akuitana. "Bwana, tabwerani mudzaone. Muzu uwu uli ndi mkuwa m'kati." Ndinamupeza ataima m'ngalande yonyowa, wopanda nsapato, atagwira ndi manja awiri waya wokutidwa ndi pulasitiki amene piki inamuthyola pakati. Ine mwini nyumba, wa digiri ya ku yunivesite, ndinamugwiranso wayayo, kumutembenuza, n'kugamula kuti ndi waya wakale wakufa amene omanga anataya. Ndinati, "Achimwene, tiyeni timwe kaye tiyi, mukabwera mudzangomudula." Tili pakhonde ndi makapu m'manja, ana a m'makomo oyandikana anakuwa kuti "Ayaka!" Nthawi yomweyo kuseri kunamveka phuu, ndipo titathamangirako tinapeza utsi ukutuluka m'ngalande muja.

Mnyamata uja sanayankhule kanthu. Anakhala pansi pa mulu wa dothi n'kumangoyang'ana zikhato zake. Anali ndi mkazi ndi mwana wakhanda, ndipo akanafa m'bwalo langa pa ganyu amene mtengo wake tinakanganirana usiku wathawo. Mawu akuti wayayo ndi wakufa anatuluka pakamwa panga.

Mmisiri wa magetsi amene ndinamuitana anafukula waya yense. Anali wochokera m'nyumba yaikulu kupita ku boys' quarter, waya wamba wa m'nyumba, wosalowetsedwa m'paipi, wokwiriridwa mwakuya kosaposa chikhato chimodzi. Mwini wake wakale wa nyumbayo anamuika yekha, ndipo pogulitsa sanatchule. Sindimuimba mlandu kwambiri. Inenso sindinafunse. Ndinakhala zaka zitatu ndikuona babu ikuyaka ku kanyumba kaja, pamwamba palibe waya aliyense wopita kumeneko, osadzifunsa kuti nanga magetsiwo amadzera kuti.

Apa ndi pamene ambirife timapusitsika. M'madera ambiri okhala anthu, magetsi a ESCOM amafika pa nyumba kudzera m'mwamba, kuchokera pa polo, ndiye timaganiza kuti pansi palibe chilichonse. Koma zimene anthu amawonjezera pambuyo pake zimadzera pansi: waya wa ku boys' quarter, wa nyali za pa geti, wa pampu ya pa thanki, wa kaokala ka kumsewu. Zimenezi sizili pa mapu a ofesi iliyonse. Zili m'mutu mwa amene anaziika, ndipo iyeyo mwina anasamukira ku Mzuzu kapena anatisiya kale. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, okwanira kuimitsa mtima wa munthu, makamaka ataima pa dothi lonyowa. Mmisiri wodziwa ntchito amagwiritsa ntchito waya wokhala ndi chitetezo cha zitsulo kapena amamulowetsa m'paipi, amamukwirira pafupifupi theka la mita kapena kuposa, ndipo pamwamba pake amayala tepi ya pulasitiki yochenjeza kuti wokumba aione asanafike pa waya. Koma ngakhale zoikidwa bwino sizikhala pakuya pomwepo mpaka kalekale. Timasesa pabwalo m'mawa uliwonse, mvula imakokolola, wina amasalaza malo, ndipo pakatha zaka khumi chimene chinali pakuya chafika pafupi.

Tsono ndimachita chiyani masiku ano ndisanalole munthu kukumba? Ndimayamba ndayendera poloti yonse ngati mlendo. Ndimaima pa mita ya madzi n'kuyang'ana kumene kuli mpopi wa panja, khitchini ndi bafa, pakuti paipi kawirikawiri imatsata njira yachidule. Ndimayang'ana zivundikiro za simenti zija za mapaipi a kuchimbudzi, n'kuona mzere umene zikupanga kulowera ku thanki ya zonyansa. Chilichonse choyaka chimene chilibe waya wa m'mwamba ndimachifunsa njira yake. Kenako ndimafunsa anthu. Kwathu amene anandithandiza koposa ndi bambo wina wachikulire amene wakhala mlonda mumsewu mwathu kuyambira nyumbazo zikumangidwa. Anandiloza ndi ndodo yake pamene padutsa paipi, osaphonya. Munthu wotereyu timamudutsa pa geti tsiku ndi tsiku.

Pa tsiku lokumba ndimazimitsa swichi yaikulu ndi kutseka madzi pa mita, ndipo ndimauza onse a m'nyumba kuti asayatse. Kuzima kwa magetsi a dera lonse si chitetezo ayi, chifukwa amabwera osagogoda. Dziwaninso kuti swichi yanu imazimitsa za m'kati mwanu zokha. Waya wobweretsa magetsi pa nyumba amakhalabe wamoyo, ndipo ngati ameneyo adzera pansi, oyenera kuitanidwa ndi eni ake a magetsi. Pamene ndikukayikira, timayamba takumba timaenje tating'ono tofufuzira ndi fosholo, pang'onopang'ono, cham'mbali mwa mzere umene tikuuganizira osati pamwamba pake penipeni. Piki ndi chitsulo chosongoka siziloledwa pamenepo. Mchenga woyera pakati pa dothi lofiira, njerwa zondandalikidwa, kapena tepi ija, zonsezi zikutanthauza kuti munthu anakwirirapo kanthu. Ndipo waya aliyense wopezeka pansi ndi wamoyo kufikira mmisiri atamuyeza ndi chipangizo chake. Mawu a bwana sayeza magetsi.

Za madzi ndingodutsamo mwachangu, chifukwa paipi ikaphulika munthu amanyowa chabe. Komabe paipi yochokera pa mita kulowa m'nyumba ndi yanu, ndipo madzi otayika pamenepo mulipira ndinu. Choopsa ndi paipi yongokhadzulidwa pang'ono, waganyu n'kumanga ndi mphira wa chubu n'kukwirira kuti bwana asaone. Madzi akasiya kutuluka m'mipopi, paipi yotere imatha kuyamwa madzi oipa a m'dothi, ndipo ngati yadutsa pafupi ndi chimbudzi mukumwa zimene simukuzidziwa. Tisaiwale kuti kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. N'chifukwa chake ndimauza waganyu asanayambe kuti akaphwanya kanthu anene, sindimudula malipiro. Amabisa chifukwa amatiopa.

Pali malo enanso amene timawalanda mosaganiza, ndiwo kampata ka pakati pa malire a poloti ndi msewu. Ambiri timasuntha mpanda kuti bwalo likule, kapena timakumbapo dzenje la zinyalala ndi kudzala mitengo. Malowo ndi a msewu, ndipo ndi mmene mumakonda kudutsa mapaipi akuluakulu a madzi, nthambo za matelefoni ndi intaneti, ngakhalenso mawaya a magetsi amphamvu zoposa a m'nyumba kutalitali. Pamenepo musakumbe musanapite ku khonsolo ndi ku ofesi za madzi ndi magetsi. Ku America, kuyambira 2007 ali ndi nambala imodzi ya telefoni, 811, imene munthu amaimba asanakumbe, ndipo eni mapaipi ndi mawaya amabwera kudzalemba pansi ndi penti: yofiira ya magetsi, yabuluu ya madzi akumwa, yachikasu ya gasi. Pano tili ndi mainjiniya, maloya ndi akuluakulu a m'makhonsolo. Ndikukusiyirani ganizo limeneli kuti mukalitafune ku maofesi kwanu.

Pomanganso waya wathu uja ndinaima pomwepo ndi tepi yoyezera. Ndinajambula zithunzi ngalande isanakwiriridwe, kenako ndinatenga pepala la m'kope la mwana wanga n'kujambula poloti yonse: waya wadutsa mamita awiri kuchokera pa ngodya ya khitchini, paipi yadutsa apa, thanki ili apo. Aphunzitsi athu a Geography ali pano, ndipo akanaliona pepalalo sakanandipatsa ngakhale theka la malikisi. Ndinalisunga m'envulopu imodzi ndi mapepala a umwini wa nyumba, ndipo mayi a kunyumba ndi mwana wathu woyamba akudziwa pamene lili. Khola tinalisunthira mbali ina, ndipo anakumba ndi mnyamata yemwe uja, atavala majombo amene ndinamugulira.

A Wapampando, ndamva kuti komiti ikufuna kumanga mpanda wa njerwa kuzungulira hositelo ya atsikana monga mphatso yathu ku sukulu. Sukulu ija ili ndi mapaipi akale kuposa ife. Ndikupempha kuti maziko asanayambe, tikapeze bambo aja ankakonza mipopi m'masiku athu, ngati akali moyo, tiyende nawo malo onsewo. Galimoto yokawatenga ndipereka ine.